Tinamulira Filipo mu Laibulale

Bwerani kuno nonse, ana inu! Tadala, siya mphakayo. Yamikani, foniyo ika m'thumba, magetsi anapita m'mawa, ukuyang'anamo chiyani, nkhope yako? Khalani pakhonde pano muzindithandiza kusankha nyembazi, manja azigwira ntchito makutu ali kuno. Chete tsopano. Ndati chete! Mwaona? Ine ndikati chete, mawu anga amakafika kumpopi uko. Koma kuli anthu ena padziko pano amene ntchito yawo ndi youza anzawo kuti chete, ndipo satsegula n'kamwa komwe, amangoika chala pamlomo, chonchi. Mmodzi wa anthu amenewo ndinabereka ine. Ine amene! Azakhali anu Agnesi.

Ine kusukulu sindinapondeko, olo pakhomo pake. Ndinachoka ku Chikwawa ndili kamtsikana, pabasi yokwera Thabwa, ikulira ngati ng'ombe yodwala, ife m'katimo tikupemphera kolona kuti isabwerere chammbuyo. Pamiyendo ndinali ndi mtolo wa zovala, ayironi ya makala, ndi nkhuku imene inafa ndi kuzizira titangofika. Inu ayironi ya makala simuidziwa. Umaikupiza mpaka dzanja kuwawa, khala limodzi likagwa, malaya a amuna ako aku ntchito athera pomwepo. Agogo anu aamuna anali kufakitale ya nsalu, ine ndinayamba zitumbuwa ndi zibwente pamsika wa Ndirande. Pamsika katundu weniweni ndi mawu, ana inu. "Zitumbuwa zamotooo! Zamoto izooo!" Munthu ali kusiteji ya basi ankatembenuka.

Ndiye mayi wotero kubereka mwana wa zii. Agnesi ali wakhanda sankalira. Ndinachita kupita naye kuchipatala.

"Adokotala, mwanayu salira."

"Akuyamwa?"

"Akuyamwa."

"Ndiye mayi, anzanu akubwera kuno chifukwa ana awo akulira, inu mukufuna chiyani? Pitani mukathokoze Mulungu."

Atakula, chake chinali kuwerenga. Pepala lililonse. Ndikamutuma kukulunga zitumbuwa, kasitomala ankadikira, iye akumaliza kaye kuwerenga chokulungiracho.

Masiku amenewo a chipani chimodzi kukhala chete sikunali kodabwitsa kwenikweni, dziko lonse linkalankhula chonong'ona. M'basi munthu sunkatchula ngakhale kuti shuga wasowa, poopa kuti amene wakhala naye pafupi ndi khutu la boma. Agogo anu anatola kabuku kena pamsewu, osadziwa n'komwe za m'kati mwake, anakakaponya m'chimbudzi thukuta lili kamukamu. Kenako kunabwera matipate. Titavotera nyali ija, chizindikiro cha matipate, pakamwa pa aliyense panatseguka tsiku limodzi. Nyuzi zinatuluka ngati ngumbi mvula ikagwa. Ina lero, ina mawa, ina yotukwana uyu, ina yotukwana wotukwanayo. Anyamata ogulitsa akukuwa, andale akukuwa pamalole, ife pamsika tikukuwa. Ndipo nthawi imeneyo, dziko lonse litaphunzira kukuwa, mwana wanga ndi pamene anapeza ntchito yotontholetsa anthu.

"Amayi, ndalembedwa ntchito ku laibulale."

"Ku chiyani?"

"Nyumba ya mabuku, kuseri kwa msika uko."

"Uzigulitsa mabuku? Bola, uzikuwa ndithu."

"Ayi amayi, timabwereketsa."

"Ulere?"

"Ulere."

"Kwa anthu a mu Ndirande muno? Ndiye amabweza?"

"Ambiri amabweza."

Ndinagwira pakamwa. Ine ndinabwereketsa sefa kwa amake Joni chaka cha njala chija, mpaka anaikidwa m'manda chaka chathachi sefa yanga ndisanaionenso. Koma ndinati ntchito ndi ntchito. Agnesi anagula magalasi, ankavala siketi yaitali, m'mawa uliwonse ulendo. Ndikati ndidzaone kumene umagwira, iye, "Musavutike amayi, kulibe choona." Ine osadziwa kuti akuopa kukamwa kwangaku.

Tsono panali Filipo. Iwe Tadala, ndikudziwa kuti ukudziwa, koma tseka pakamwa, nkhaniyi ndi yanga. Filipo anali wokhoma zidebe ndi mbaula, shedi yake inali m'mbali mwa njira yopita ku laibulaleko. Tsiku lonse kho! kho! kho! Munthu waphokoso kukonda munthu wa zii. Anakumana denga la laibulale litayamba kudontha, iye atapita kukamata. Zinayenda bwino. Amalume ake anabwera kudzafunsira, ife tinavomera, kunangotsala kuti akwawo abwere tidzagwirizane tsiku la chinkhoswe.

Kenako zii.

Mango anapsa, anatha. Akwawo osabwera. Filipo akandiona pamsika ankalowa kuseri kwa malata. Agnesi kuonda, khosi ngati la botolo, chakudya akungochiyang'ana. Ndikamufunsa, "Palibe amayi." Mwana ameneyo ngakhale ataponda msomali akanati palibe.

Ndinamanga chitenje ine, ulendo wa ku Machinjiri kwa amake Filipo. Nthawi imeneyo Machinjiri sanali nyumba zokhazokha ngati lero, inali minda, umadutsa m'chinangwa ndi m'nandolo, agalu akukuperekeza. Ndinawapeza akusenda chinangwa. Anali mayi wamfupi, Mlomwe wa ku Phalombe, wamasiye, Filipo ndiye anali mwana wawo yekhayo wotsala. Anandiyalira mkeka, moni wake wozizira ngati madzi a m'mtsuko.

Ine sindizungulira. "Amake Filipo, mwana wanga walakwa chiyani?"

Analowa m'nyumba, anatuluka ndi chidutswa cha nyuzi, chamafuta, chonunkha usipa. Anachiyala pamkeka n'kuchisalaza ndi dzanja.

"Taonani nokha."

Iwo osawerenga, ine osawerenga, koma chithunzi sichifuna sukulu. Inali katuni, zija amajambula zoseketsa. Mzimayi woonda, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, tsitsi atalimanga kamfundo pamwamba, kumbuyo kwake mabuku okhaokha. Pabokosi loyamba akuloza ana, chala pamlomo. Lachiwiri, mwamuna wake akufuna kuseka patebulo, iye chala pamlomo. Lachitatu, ana inu, Mayi Maria! Mwamunayo ali m'bokosi la maliro, azimayi akulira, iye waima njo, m'maso muli gwa, chala pamlomo, akutontholetsa olira!

"Aphunzitsi a nyumba iyo andiwerengera," amake Filipo akutero. "Ameneyu ndi mkazi wa mu laibulale. Akuti amamujambula sabata iliyonse."

"Ndiye ameneyu ndi Agnesi?"

"Magalasi si awa?"

"Magalasi amavala ndi abambo mfumu omwe kutchalitchi!"

"Si nyuzi yokha. Achimwene anga amapita kuvidiyo sho. Akuti m'makanema a azungu, mkazi wa mabuku ndi yemweyu. Saseka, sakwatiwa, sapereka moni. Ndi pawailesi pomwe panali sewero, mwamuna anachita kuthawa, akuti m'nyumba ankatsokomolera m'pilo. Anthu onsewa angagwirizane bodza?"

Mukuseka inu chifukwa munabadwira m'mafoni, mukudziwa kuti chithunzi chimanama. Ife tinakula tikudziwa kuti cholembedwa papepala ndi boma lanena. Ngakhale ine ndinatsala pang'ono kukhulupirira, osanama ayi.

Kenako amake Filipo mawu anatsika. "Amake Agnesi, ine ndaika ana anga m'manda, watsala mmodzi. Masiku ano mwaona mmene anyamata akupitira. Ndikufuna mpongozi woti tsiku loipa likadzafika adzakhale pambali panga n'kulira nane. Woti ndikadzafa ine, anthu adzamve kuti muno mwafa munthu. Wouma m'maso ine ayi."

Apo sindinakuwe. Chifukwa chimene ananenacho ndi chimene mzimayi aliyense amaopa. Ndipo ndinakumbuka kuti mwana wangayo, zoona, misozi yake sindinaionepo.

Koma ndinalimba. "Tiyeni tikamuone kuntchito kwakeko. Osamuuza. Mukaona chala pamlomo, ine ndemwe ndikauza ankhoswe kuti zatha."

"Inu munafikako?"

"Kambirimbiri!"

Iwe Yamikani, usandiyang'ane choncho. Ndinkafikako mumtima.

Amake Filipo anabwera m'kati mwa sabata, cha m'ma teni. Ndinakawachingamira pasiteji. Maminibasi anali atangochuluka kumene, kondakitala akupanikiza anthu ngati matumba a makala, "Sunthani mayi, anayi anayi, mwendowo ikani m'thumba!" Anatsika atavala duku lawo labwino ndi chitenje chakuda cha kutchalitchi. Nanenso ndinali nditavala duku, nanga si tikupita kuofesi.

Tinadutsa pashedi ya Filipo. Zii. Hamala ili pansi, chidebe chokhoma theka, mwini wake kulibe.

"Ali kuti ameneyu?" amake akufunsa.

"Kaya, mwina watuluka."

"Filipo sasiya hamala pansi."

Tinapitirira. Tinafika pa laibulale, chitseko chili chotsegula. Ine monga munthu woleredwa, ndinaima pakhomo.

"Odi!"

Zii.

"Odi kunooo!"

Zii. Koma anthu ndikuwaona, adzaza!

Tinalowa. Ana inu, ndakhala zaka zambiri, koma zimene ndinaona mmenemo sindidzaziiwala. Azibambo akhala m'mabenchi, zipewa avula, mitu yonse yaweramira pansi. Azimayi ochepa akhala mbali yawo. Palibe wolankhula. Mkulu wina wa imvi wagwira dzanja patsaya, akupukusa mutu pang'onopang'ono. Mtsikana wina akutikita m'maso. Bambo wina anafuna kuyetsemula, anadzitsina mphuno n'kumeza. Alendo talowa, akuluakulu, palibe woti takulandirani, palibe wosuntha kuti tikhale. Anangotukula maso, n'kuweramanso.

Tandiuzani inu ophunzira. Nyumba yodzaza anthu, zipewa zovula, mitu pansi, popanda moni. Mu Ndirande. Nyumba yotero imakhala ya chiyani?

Amake Filipo anandigwira pamkono, zala zili zizizi. "Kwagwa chiyani kuno?"

Pamenepo Agnesi anationa. Anali kuseri kwa tebulo lalitali, maso ali psuu. Pambuyo pake ndi pamene tinamva kuti linali fumbi, ankapukuta mashelefu. Sanamwetulire. Sanagwade. Anabwera monyang'ama, chala cha phazi chokha chikugunda pansi, anandigwira ine pachigongono, anawagwira amake Filipo padzanja, anaweramira m'makutu mwathu n'kunong'ona:

"Tiyeni panja. Ndikakuuzeni panja."

Inu a masiku ano uthenga wa maliro mumaulandira pafoni muli m'bafa, ndi kachithunzi ka nkhope yolira. Ife ayi. Munthu sankauzidwa imfa pagulu. Ankabwera wina, kukugwira pachigongono, kukunong'oneza kuti tiyeni kuseri. Ukangomva dzanja pachigongono, unkayamba kulira usanamve dzina. Ndiye apa watigwira tonse awiri. Ine, iye, ndi amake Filipo, munthu wotilumikiza atatufe ndani? Ndipo hamala ija ili pansi.

Amake Filipo anafika pa yankho msanga kuposa ine. Ndinangomva dzanja lapulumuka, khu! pasimenti.

"Filipo mwana wangaaa! Mayo ineee! Wandisiya ndi yani ineee!"

Mnzako akagwa ndi maliro sufunsa kuti zachitika bwanji. Umayamba wamuthandiza kulira, mafunso pambuyo. Ndinamasula kukhosi ine, kukhosi kwa zitumbuwa kuja.

"Mkamwini wanga ine mayooo! Mbaula zako zatsala ndi yaniii!"

Malata ananjenjemera. Mkulu wa imvi uja nyuzi inamugwa.

Tsono tamvani za Agnesi. Iye waima, akuona mayi ake amene sanabwerepo kuntchito kwake, abwera lero mosauza. Abwera ndi amake Filipo, amene akhala akumukana. Onse m'maduku, wina chitenje chakuda, dzuwa lili m'mawa. Agwa pansi, akutchula Filipo. Kwa iye zinatanthauza chiyani? Anati ife ndi amene tabweretsa uthenga!

Ndinaona magalasi akuuluka. Ndinaona mabuku amene anali patebulo akugwa, phu phu phu. Kenako kunatuluka mawu. Ana inu, mawu! Ine ndinasiya kulira, ndinangoti kakasi, kuyang'ana uku ndi uku kuti walowa ndani. Anali mwana wanga. Mwana amene ndinapita naye kuchipatala chifukwa chosalira.

"FILIPOOO! Ayi, ayi, ayiii! Unati ndidikire, amayi ako afewa mtimaaa! Ndadikira ine, Filipooo! Ndinakusokera nsalu ya patebulooo! Ndidzayala kwa yaniii!"

Anadzigwetsa pasimenti, kugubuduka ndi siketi ya kuofesi, kumenya pansi ndi manja. Mawu anga ine anali kamwana. Anthu akuti anamveka mpaka kogulitsa makala, ena akuti agalu a kuphiri anayankha, koma amenewo ndi okokomeza.

Amake Filipo anakwawa ndi maondo mpaka pamene anali, anamukumbatira. "Mwana wanga, lira, lira, tatsala awiri!" Agnesi naye, "Amayi, amayi, atilanda!" Mitu pamodzi, maduku ndi tsitsi zasokonekera, misozi ndi mamina osadziwika za ndani.

Ndipo mukudziwa Ndirande. Anzanga a pamsika anangomva mfuu, anasiya tomato, anasiya nsomba, kumanga zitenje akuthamanga. Analowa akulira kale, asanadziwe kuti wafa ndani. Amake Joni a sefa aja anali patsogolo, "Kalanga ineee! Ndani kodi? Kalanga ineee!" Azibambo owerenga aja, poona kuti azimayi adzaza, ananyamuka mwaulemu n'kukakhala panja m'mbali mwa khoma monga mwa mwambo. Ena anayamba kukankhira matebulo kukhoma kuti payalidwe mikeka. Mayi wina wa kwaya anayambitsa nyimbo. Anyamata a pamsika anathyola nthambi n'kuika pamsewu, uku ndi uku, kuti odutsa adziwe.

Alonda a pamenepo, mkulu wachikulire, ankazungulira akufunsa, "Pepani, thupi lili kuti? Thupi lili kuchipatala kapena kunyumba?" Palibe womuyankha. Ndani ali ndi nthawi?

Ine ndinali nditayambiranso kulira, ndili chakukhomo, ndiye ndinaona ndi maso angawa. Kunjira kukubwera munthu panjinga. Ataona nthambi anatsika, monga munthu waulemu, anavula kapusi, akukankha njinga pang'onopang'ono. Anaima pakhomo, anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi, monong'ona:

"Pepani mayi, watisiya ndani?"

Mayiyo osatukula mutu. "Filipo, wokhoma zidebe."

"Filipo uti?"

"Wa pashedi apo. Ngozi, akuti."

"Ngozi ya chiyani?"

"Minibasi, akuti."

Minibasi imeneyo anaibweretsa ndani, mpaka lero sindikudziwa. Mayiyo anatukula mutu, anamuyang'ana, anasiya nthochi pomwepo, liwiro osakuwa n'komwe.

Filipo analowa, kapusi m'manja. Nyimbo inaduka pakati. Balala! Amake Joni, ndi thupi lonse lija, anatulukira pawindo. Alonda anagwada n'kuchita chizindikiro cha mtanda. Ine ndinabisala kuseri kwa shelefu, musaseke, simunaonepo munthu amene mukumulira akukuyang'anani.

"Amayi? Agnesi? Chikuchitika n'chiyani?"

Amake anadzuka pang'onopang'ono. Anamugwira tsaya. Anamutsina pamkono.

"Aaa! Amayi, zikuwawa!"

Phaa! Mbama. "Unali kuti?"

"Ndinakasiya mbaula ku Chemusa!"

"Hamala n'kuisiya pansi?"

"Ndinali pachangu!"

Agnesi anangokhala pasimenti pomwepo, pakamwa pali yasa, akumuyang'ana, misozi ikutsikabe yokha.

Kenako mkulu wa imvi uja analowa, anatola nyuzi yake. "Tsopano tiuzeni. Uthengawu unabwera ndi ndani?"

Ine ndinaloza Agnesi. Amake Filipo analoza Agnesi. Agnesi analoza ife.

"Iwe unatigwira pachigongono!" ndikutero ine.

"Amayi," mawu atasasa ngati a chule, "ine ndimati tikapatsane moni panja. Muno salankhula."

"Nanga awa anaweramitsa mitu chifukwa chiyani?"

"Timawerenga, mayi," mkulu uja.

"Kuwerenga ndi dzanja patsaya?"

"Ndimawerenga za mitengo ya feteleza."

Mpaka lero ine ndimati olakwa ndi anthu amenewo. Munthu ukamawerenga uzionetsa kuti uli moyo. Uziseka, uzitsokomola, mlendo akati odi uziyankha.

Anthu anabalalika, ena akuseka mpaka kugwira m'mimba, ena akunyinyirika kuti tomato wawo wabedwa. Anyamata anachotsa nthambi. Agnesi anatola magalasi ake, diso limodzi litasweka, anayamba kutola mabuku limodzilimodzi osayang'ana munthu. Manyazi, ana inu. Mtsikana wa ulemu wake, wagubuduka pansi pamaso pa Ndirande yense, watchula ndi za nsalu ya patebulo zomwe. Filipo anagwada n'kumamuthandiza kutola. Alonda anatiperekeza ife awiri mpaka panja n'kutseka chitseko, chimene sichinkatsekedwa masana.

Tinayenda kupita kusiteji. Amake Filipo osalankhula. Ndikati, "Koma lero dzuwa," zii. Ndikati, "Mumwe kaye thobwa," zii. Nkhope ili gwa, akungoyang'ana kutsogolo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Mumtima ndinati basi, zatha. Ndawabweretsa kudzaona ulemu wa mwana wanga, ndawagwetsa pasimenti pamaso pa anthu, ndawaliritsa mwana wawo ali moyo. Mayi ameneyu sadzapondanso pakhomo panga. Ndikamuuza chiyani Agnesi madzulo?

Minibasi ya ku Machinjiri inali itatsala munthu mmodzi. Anakwera osatsanzika. Kondakitala anamenya chitseko, galimoto inayamba kuyenda. Ine ndaima m'fumbi, manja ali lende.

Itafika pokhota paja, ndinaona windo likutseguka, mutu ukutuluka, duku lili pambali. Siteji yonse inatembenuka.

"Asewereee! Uzani ankhoswe anu, Lamulungu tikubweraaa! Mwanayo amalira bwino, ndamutengaaa!"